Chiponde, Kolera ndi Dzaleka: Chithandizo cha Mwadzidzidzi M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Tikamva za madokotala ochokera kunja amene amathamangira kumene kwagwa nkhondo, ngozi kapena mliri, maganizo athu amapita ku Chigwa cha Shire: mabwato pa madzi osefukira ku Nsanje, matenti oyera ku Chikwawa, helikopita ikutera ku Makhanga. Dowa ndi Ntchisi sitiziwerengera pa nkhani zotere. Kuno ndi kwa fodya, mtedza ndi soya, ndipo mvula ikagwa madzi amatsetsereka m'mapiri n'kukavutitsa ena kumunsi. Komatu boma la Dowa lili ndi malo ake m'mbiri ya chithandizo chotere pa dziko lonse. Njira imene lero ikupulumutsa ana onyentchera ku Niger, ku Yemen ndi ku South Sudan inayesedwa n'kuoneka mphamvu yake m'zipatala zazing'ono za ku Dowa kuyambira mu 2002. Ndipo pa msasa wa Dzaleka pali anthu oposa 50,000 amene anathawa nkhondo kwawo, ena mwa iwo akhala akudalira thandizo lotchedwa la mwadzidzidzi kwa zaka zoposa 30.

Nkhani ziwirizi zimasiyana pa chinthu chimodzi. Kwa ana onyentchera, ntchito inasiyidwa m'manja mwa amayi ndi alangizi a zaumoyo, ndipo inamera mizu. Pa Dzaleka, moyo wa anthu ukadali m'manja mwa opereka ndalama amene ali kutali.

Amabwera ndani, ndipo amawaitana ndani

Palibe bungwe la kunja limene limangotera pa bwalo la ndege la Kamuzu n'kukakhoma tenti pa Mponela. Dziko ndi limene limayamba kulira. Pulezidenti akalengeza kuti m'dziko mwagwa tsoka, monga anachitira Bakili Muluzi pa njala mu February 2002, kapena Lazarus Chakwera pa namondwe wa Freddy mu March 2023, khomo lopemphera thandizo limatseguka. Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ndiyo imasonkhanitsa onse, ndipo pa zaumoyo mwini nkhani ndi Unduna wa Zaumoyo. Bungwe likafika pa boma limayenera kuonekera kaye kwa a DC ndi kwa mkulu wa zaumoyo, amene tinazolowera kungoti a DHO.

Pali mabungwe a United Nations: WHO imathandiza kulondola matenda ndi kupereka malangizo, UNICEF imabweretsa katemera, mankhwala a m'madzi ndi chakudya cha ana, WFP imaona za chakudya, UNHCR za othawa kwawo. Pali Red Cross, imene inayamba ku Geneva mu 1863, Henry Dunant ataona asilikali ovulala atasiyidwa osathandizidwa pa nkhondo ya ku Solferino mu 1859. Kwathu kuno Malawi Red Cross Society inakhazikitsidwa mu 1966, ndipo mphamvu yake ndi anthu ongodzipereka a m'midzi momwemo. Kenako pali mabungwe oima paokha monga Médecins Sans Frontières, yodziwika kuti MSF, imene inayamba ku France mu 1971, ndi Concern Worldwide ya ku Ireland ya mu 1968. Onse awiriwa anabadwa chifukwa cha njala ndi nkhondo ya ku Biafra m'dziko la Nigeria.

Lamulo lawo lalikulu ndi lakuti munthu athandizidwe potengera kuvutika kwake basi, osati chipani, mtundu kapena mpingo. M'dziko limene thumba la chimanga cha ulere nthawi zina limafika limodzi ndi nsalu ya chipani, lamulo limeneli si laling'ono.

Alinso ndi muyeso wakale wodziwira kuti zinthu zafika pothina: ngati pa anthu 10,000 alionse pakumwalira munthu woposa mmodzi tsiku lililonse, ndiye kuti pagwa zadzidzidzi. N'chifukwa chake akafika pa malo amayamba ndi kuwerenga, mwina mpaka kukawerenga mitumbira yatsopano kumanda. Kwa mfumu ya mudzi zimenezi zimaoneka zachilendo, koma popanda chiwerengero sangadziwe ngati akupambana kapena ayi.

Zimene anaphunzira pa othawa nkhondo a ku Mozambique

Zambiri zimene mabungwewa amachita lero anaziphunzira m'Malawi mom'muno. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itakula, anthu anakhamukira kuno, makamaka kuyambira mu 1986, ndipo pofika 1992 anali ataposa 1 miliyoni, m'maboma ngati Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Mulanje. MSF inafika m'dziko muno mu 1986 chifukwa cha iwowa. Chimene chinkapha anthu m'misasa sichinali zipolopolo. Chinali chikuku, kutsekula m'mimba, malungo, chibayo ndi kunyentchera. Kolera anagwa kangapo, kuphatikizapo pa msasa wa Nyamithuthu ku Nsanje mu 1990, ndipo kamangidwe ka malo othandizira odwala kolera kamene tikuona lero kanakhwimira kumeneko.

Pali phunziro lina limene alimi a ku Dowa ndi Ntchisi angalimve msanga. Mu 1990 othawa kwawo oposa 18,000 anadwala pelagra, matenda amene amadetsa ndi kung'amba khungu pamene pamawomba dzuwa, amatsekula m'mimba ndiponso kusokoneza mutu. Amabwera munthu akamadya chimanga chokhachokha. Chimene chinachitika n'chakuti mtedza unasowa pa chakudya chimene ankagawira anthuwo kwa miyezi ingapo. Anthu ankakhuta nsima koma akudwala. Kuyambira pamenepo, nkhani yothira mavitamini mu ufa wa m'misasa inayamba kutengedwa mozama.

Kenako kunadza Goma. Mu July 1994 anthu mazana a masauzande ochokera ku Rwanda anawolokera ku mzinda wa Goma, m'dziko limene panthawiyo linkatchedwa Zaire (lero Democratic Republic of Congo), ndipo m'mwezi woyamba wokha pafupifupi 50,000 anafa, ambiri ndi kolera ndi kamwazi. Mabungwe analipo ambirimbiri, koma aliyense ankachita zake. Manyazi a ku Goma ndiwo anabala miyeso ya Sphere, imene ntchito yoikonza inayamba mu 1997: munthu aliyense apeze madzi osachepera malita 15 pa tsiku, ndipo chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20.

Njala ya 2002 ndi ana a ku Dowa

Amene anali akuluakulu panthawiyo amaikumbukira. Zokolola za 2001 zinali zochepa, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, ndipo pofika January ndi February 2002 mtengo unali utakwera kangapo. Anthu anadya gaga, mizu ya nthochi ndi chimanga chosakhwima, ena anagulitsa mbuzi ndi ziwiya pa mtengo wolira. Chigawo chapakati chinakhudzidwa kwambiri. M'nyengo yomweyo kolera anagwira anthu oposa 33,000 m'dziko muno n'kupha pafupifupi 1,000.

Mwana akanyentchera kwambiri masiku amenewo, njira inali imodzi: kumugoneka ku chipatala cha ana onyentchera, chimene azaumoyo amachitcha NRU, n'kumamwetsa mkaka wapadera usana ndi usiku kwa mwezi wathunthu kapena kuposerapo. Mkakawo unali wabwino. Vuto linali pa mayi. Mayi wa kwa Chakhaza kapena kwa Kayembe ankayenera kusiya ana ena, munda wosapalira ndi nkhalamba ya pakhomo, n'kuyenda mtunda wautali kukakhala ku chipatala milungu inayi m'nyengo imene ganyu wa tsiku limodzi ndiye ankadyetsa banja. Ambiri sankapita. Amene ankapita ankafika mwana atatheratu, ndipo ena ankathawa asanatulutsidwe. M'chipindamo ana ofooka ankagona moyandikana n'kumapatsirana matenda. Azaumoyo ena ankadzudzula amayi kuti ndi osasamala, chonsecho mayiyo ankawerengera bwino lomwe: akapita kukasamala mmodzi, atatu otsala adya chiyani?

Dokotala wina wa ku Britain, Steve Collins, amene anagwirapo ntchito pa njala m'maiko angapo a mu Africa, anali ndi maganizo osiyana. Iye ankati ana ambiri onyentchera safunika kugonekedwa, bola apezeke msanga ndipo akhale akutha kudya. Njirayi inali itayesedwako ku Ethiopia ndi ku Sudan. Mu 2002 bungwe lake la Valid International pamodzi ndi Concern Worldwide anagwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo kuti aiyese ku Dowa, ndipo chofunika kwambiri n'chakuti anaiyesa kudzera m'zipatala zimene zinalipo kale, za boma ndi za mishoni, osati m'matenti a bungwe.

Kafukufuku amene anayerekeza Dowa ndi Mchinji, kumene ankatsatabe njira yogoneka, anapeza kuti ku Dowa chithandizo chinkafikira pafupifupi ana atatu mwa anayi alionse ofunika thandizo, pamene ku Mchinji chinkafikira pafupifupi mmodzi mwa anayi. Unduna unavomereza njirayi kukhala ya dziko lonse mu 2006, ndipo mu 2007 WHO, UNICEF ndi WFP anailimbikitsa ku maiko onse.

Momwe njirayi imayendera

Imayamba ndi kalamba ka pulasitiki ka mitundu itatu. Mlangizi wa zaumoyo kapena wodzipereka wa m'mudzi amakulunga kalambako pakati pa phewa ndi chigongono cha mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5. Kakalowa pofiira, kutanthauza kuti mkono sukukwana masentimita 11.5, mwanayo ali pangozi. Amadinanso chala pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu. Pakatsala kadzenje, ndiye kutupikana, ndipo mwana wotero ali pangozi ngakhale aoneke wonenepa. Apa ndi pamene makolo ambiri amasokera: kutupa kumakhala ngati thupi labwino, kapena kumatengedwa ngati tsempho, banja n'kuyamba kufufuzana za amene sanadzisunge pamene mwana akutha.

Ku chipatala mwanayo amamuyesa ngati akutha kudya. Akadya, ndipo alibe kutentha thupi kwambiri, chibayo kapena kusanza kosalekeza, amalandira mankhwala opha tizilombo ndi mapaketi a chiponde, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Amabweranso pakatha sabata kapena ziwiri kudzakwera sikelo. Amene akukana kudya kapena akudwala kwambiri ndi okhawo amene amagonekedwa, ndipo amakhalako masiku ochepa.

Chiponde cha kuchipatala chinapangidwa koyamba ku France mu 1996 ndi André Briend mogwirizana ndi kampani ya Nutriset, ndipo Mark Manary anachiyesa pa ana a ku Blantyre kuyambira mu 2001. Ndi mtedza wosinja wosakaniza ndi mkaka wa ufa, shuga, mafuta ophikira, mavitamini ndi mchere wofunika m'thupi. Paketi imodzi ndi magalamu 92. Mphamvu yake yagona pa kusakhala ndi madzi. Mkaka wa ku NRU umafuna madzi aukhondo ndipo umaonongeka pakangopita maola ochepa, pamene chiponde sichifuna kuphika, sichifuna kusungunula, ndipo tizilombo sitiswanamo. Mayi akhoza kuchisunga m'nyumba ya udzu kwa Nthondo kapena kwa Kasakula ku Ntchisi, mwana n'kuchira.

Pali zovuta zake, ndipo tisazibise. Pakhomo pakakhala njala, paketi ya mwana mmodzi imagawidwa kwa ana onse, ndipo sindingamuweruze mayi wochita zimenezi. Amene ndimamuweruza ndi wamkulu wogula chiponde pa msika kuti azipaka pa buledi, ndi wa kuchipatala amene anachitulutsira kuseri. Chiponde ndi mankhwala, ndipo paketi iliyonse yopezeka pa benchi ya malonda yachotsedwa pakamwa pa mwana amene mkono wake uli pofiira.

Ndalama m'malo mwa matumba

Dowa inayesanso china. Mvula itavuta kumpoto kwa bomali m'nyengo ya 2005 mpaka 2006, Concern Worldwide inapereka ndalama m'malo mwa chimanga kwa mabanja pafupifupi 11,000 kuyambira December 2006 mpaka April 2007. Ndalamazo zinkalandiridwa ndi amayi kudzera pa makhadi ozindikira chala, pa galimoto ya banki ya Opportunity International imene inkayendera midzi, ndipo zinkasintha potengera kukula kwa banja ndi mtengo wa chimanga mwezi umenewo. Mabanja anagula chakudya, komanso ena analipira ulendo wa ku chipatala ndi mankhwala. Lero kupereka ndalama ndi njira yofala pa dziko lonse, ndipo pa Dzaleka pomwe WFP inasiya kugawa matumba n'kuyamba kupereka ndalama.

Dzaleka: zadzidzidzi zimene sizikutha

Dzaleka ili pa mtunda wa makilomita oposa 40 kuchokera ku Lilongwe, pafupi ndi boma la Dowa. Mu ulamuliro wa Kamuzu Banda inali ndende ya andale, ndipo a Mboni za Yehova ambiri anatsekeredwako m'zaka za m'ma 1970. Mu 1994 inasanduka msasa wa othawa kwawo, woyenera anthu 10,000 mpaka 12,000. Lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, kenako Burundi ndi Rwanda, ndi ochepa a ku Ethiopia ndi Somalia. Ambiri amalowera kumpoto, ku Karonga ndi ku Chitipa, asanatumizidwe ku Dowa.

Malamulo a Malawi amafuna kuti wothawa kwawo azikhala mu msasa. Dziko lathu linasaina pangano la 1951 la othawa kwawo koma linakana mbali zina, kuphatikizapo ufulu woyenda ndi wogwira ntchito momasuka, ndipo lamulo lathu ndi la mu 1989. Mu May 2023 boma linayamba kugwira amene ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni n'kuwabwezera ku Dzaleka. Anthu amene ankadzidyetsa okha, kulipira lendi ndi kudzigulira mankhwala anasanduka odalira thandizo, m'malo amene anali atadzaza kale. Pa zaumoyo, ganizo limeneli linawonjezera anthu pa mjigo, pa chimbudzi ndi pa mzere wa chipatala popanda kuwonjezera mjigo, chimbudzi kapena namwino mofanana.

Chipatala cha pa Dzaleka ndi chaching'ono, chili pansi pa Unduna wa Zaumoyo ndipo chakhala chikuthandizidwa ndi UNHCR. Sichithandiza othawa kwawo okha. Amalawi a m'midzi yozungulira amapita pomwepo, ndipo ndi gawo lalikulu la odwala. Matenda akakula, wodwala amatumizidwa ku chipatala cha boma cha Dowa, zikavuta ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Choncho wina akamati othawa kwawo akutidyera zathu, kapena wina akamati za ku Dzaleka ndi za a UN, onse awiri sanaime pa mzere umenewo. Mankhwala akatha pa Dzaleka, mayi wa ku Uvira ku Congo ndi mayi wa kwa Mkukula amabwerera limodzi chimanjamanja.

Chithandizo cha mwadzidzidzi chinakonzedwa kuti chizigwira ntchito miyezi ingapo: katemera wa chikuku, madzi, zimbudzi, chakudya, kenako anthu abwerere kwawo. Koma msasa ukakhala zaka 30 matenda ake amasintha. Muli odwala BP ndi shuga amene amafuna mankhwala mwezi ndi mwezi, omwa ma ARV, odwala TB, amayi oyembekezera amene nawonso anabadwira mu msasa momwemo. Muli amayi amene anagwiriridwa pa nkhondo ndi abambo amene anaona abale awo akuphedwa, ndipo bala lotere silioneka pa sikelo kapena pa magazi. Akatswiri a matenda a maganizo ndi ochepa m'dziko lonse, ndiye kuli bwanji pa msasa. Palinso chiyankhulo: namwino wa Chichewa ndi Chingerezi amakumana ndi wodwala wa Chiswahili, Chikirundi, Chinyarwanda kapena Chisomali, ndipo nkhani za m'thupi zimene munthu sangauze ngakhale mchemwali wake zimayenera kudutsa pakamwa pa womasulira.

Kolera wa 2022 mpaka 2023

Mliri umenewu unayamba ku Machinga mu March 2022, pambuyo pa namondwe wa Ana. Unachita zachilendo posaleka m'chilimwe, ndipo mvula itayamba unafalikira m'maboma onse, Dowa ndi Ntchisi omwe. Pa 5 December 2022 Pulezidenti Chakwera analengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo ya dziko lonse. Mu January 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa, ndipo mu February kunakhazikitsidwa kampeni ya Tithetse Kolera. Pomatha, anthu oposa 58,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Ndi mliri wa kolera woopsa kuposa yonse m'mbiri ya Malawi.

Chopweteka n'chakuti kolera ndi matenda osavuta kuchiza. Amapha pochotsa madzi m'thupi, nthawi zina m'maola ochepa chabe, ndipo mankhwala ake aakulu ndi kubwezera madziwo. Odwala ambiri amachira ndi thanzi yekha, ndipo ofooka kwambiri amafuna diripi. Pamene chithandizo chili bwino, omwalira sakwana mmodzi pa odwala 100 alionse. Kwathu anali pafupifupi atatu. Kusiyana kumeneku kumachokera pa mtunda ndi nthawi. M'mapiri a Ntchisi ndi kum'mawa kwa Dowa, msewu wa dothi m'dzinja umagonjetsa ngakhale njinga yamoto, ndipo wodwala amene wayamba kutsekula madzulo akadikira kuti kuche akhoza kufika pa chipatala mitsempha itabisala moti diripi n'kuvuta kulowetsa.

N'chifukwa chake mabungwe amene anathandiza, monga WHO, UNICEF, MSF ndi Red Cross, sanangomanga matenti pa zipatala. Anakhazikitsanso malo omwetsera thanzi m'madera, oyang'aniridwa ndi odzipereka, kuti munthu ayambe kumwa asananyamuke ulendo. Mu tenti ya kolera muli mabedi oboola pakati okhala ndi chidebe pansi, polowera ndi potulukira pali madzi a klorini opondamo, ndipo klorini amasungunulidwa mosiyanasiyana: wofatsa wosamba m'manja, wapakati wochapira, waukali wothira pa chimbudzi, masanzi ndi mitembo.

Pa mitembo ndi pamene pamavuta. Mwambo wathu umafuna kusambitsa maliro, kugona pa siwa ndi kudyera pamodzi, ndipo zonsezi ndi njira za kolera. Azaumoyo akanyamula thupi, kulikulunga mu pulasitiki n'kuliika m'manda mofulumira abale ataima patali, mphekesera zimabadwa. Mu 2023 m'madera ena anthu anaphwanya zipatala ndi kuthamangitsa anamwino powaganizira kuti ndiwo akufalitsa matendawa. Mkwiyo wotere sumangochokera ku umbuli. Umachokeranso pa kusafotokozeredwa. Pamene mfumu, abusa ndi shehe anauzidwa zoona n'kuloledwa kupemphera ndi kuona nkhope ya womwalira mosamala, zinthu zimayenda mosiyana.

Katemera wa kolera wakumwa alipo, ndipo Malawi analandira madozi 2.9 miliyoni mu November 2022. Koma nkhokwe ya katemerayu ndi imodzi pa dziko lonse, ndipo chaka chimenecho maiko opempha anachuluka moti mu October 2022 oyang'anira nkhokweyo anaganiza zoti munthu azilandira dozi imodzi m'malo mwa awiri. Katemera amagula nthawi chabe. Kolera amatha ndi mipope, mijigo yokonzedwa ndi zimbudzi, ntchito imene si ya mabungwe a mwadzidzidzi.

Nkhondo ya kutali imafika pa Dowa

Mapangano a ku Geneva a 1949 amaletsa kuukira chipatala, ambulansi kapena wovulala, ngakhale akhale mdani. Amaswedwa kawirikawiri. Pa 3 October 2015 ndege ya asilikali a America inaphulitsa chipatala cha MSF ku Kunduz m'dziko la Afghanistan n'kupha anthu 42. Mu February 2019, Ebola ali mkati kum'mawa kwa Congo, malo othandizira odwala ku Katwa ndi ku Butembo anatenthedwa. Mu January 2025 zigawenga za M23 zinalanda mzinda wa Goma, zipatala n'kudzaza ndi ovulala.

Zimenezi zimatikhudza chifukwa chipatala chikatsekedwa ku Kivu, kum'mawa kwa Congo, mwana amene amafika pa Dzaleka miyezi ingapo pambuyo pake amakhala wosabayitsa katemera, ndipo mayi ake amakhala atadukiza ma ARV. Matenda sayang'ana chiphaso pa chipata. Poliyo amene anapezeka mwa mwana ku Lilongwe mu February 2022 anali wa mtundu wochokera ku Pakistan, ndipo anachititsa kuti ana mamiliyoni abayidwe kapena kudonthezeredwa katemera m'Malawi ndi maiko oyandikana nawo. Kuyeza ndi kupereka katemera kwa ofika kumene kumateteza mudzi wa kwa Msakambewa mofanana ndi msasa.

Ndalama zikauma

Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja, ndipo pofika pakati pa chakacho bungwe la USAID linatsekedwa. Maiko ena a ku Ulaya nawonso anachepetsa. M'Malawi, opereka thandizo akhala akulipira zoposa theka la ndalama zonse za zaumoyo, ndipo lonjezo la ku Abuja la 2001, loti maboma a mu Africa aziika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, takhala tikulephera kulikwaniritsa zaka zambiri.

Pa Dzaleka kuchepa kwa ndalama kumamveka msanga chifukwa anthu alibe pothawira pena. WFP yakhala ikudula thandizo kangapo konse, nthawi zina mpaka theka la zimene munthu amafunika pa mwezi, ndipo munthu amene saloledwa kukagwira ntchito kunja kwa msasa sangadzaze theka linalo. Zotsatira zake zimaonekera ku chipatala: ana olowa pofiira, atsikana otenga mimba posinthanitsa thupi ndi chakudya, odwala omwa mankhwala pamimba yopanda kanthu. Kulola othawa kwawo amene ali ndi luso, kuphatikizapo anamwino ndi aphunzitsi, kuti azigwira ntchito mwalamulo kungachepetse katunduyu popanda kudikira Geneva kapena Washington, ndipo kusintha lamulo la 1989 kuli m'manja mwa Nyumba ya Malamulo yathu.

Njira ya chiponde ili pabwino pang'ono, chifukwa anthu ake ndi athu. Mlangizi wa zaumoyo wa ku Malomo kapena ku Madisi amalipidwa ndi boma, kalamba koyezera mkono n'kotchipa, ndipo amayi ambiri anaphunzitsidwa kuyeza okha ana awo. Koma paketi yeniyeniyo yakhala ikugulidwa kwambiri ndi ndalama za kunja kudzera ku UNICEF. Mafakitale opanga chiponde anakhazikitsidwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo mtedza umalimidwa ku Dowa, Ntchisi, Mchinji ndi Kasungu konkuno. Chimene chimakweza mtengo ndi mkaka wa ufa ndi mavitamini zochokera kunja, komanso chuku: mtedza wonyowetsedwa kuti usendeke msanga kapena kuti ulemere pa sikelo ya venda umagwira poizoni wa aflatoxin, ndipo fakitale yopangira ana odwala siyingaugule. Alangizi a zaulimi amalimbikitsa kuumitsa mtedza bwino usanasendedwe ndi kuusunga m'makoko pamalo ouma, ndipo Unduna wa Zachuma ukuyenera kuika chiponde pa mndandanda wa mankhwala amene boma limagula ndi ndalama zake chaka ndi chaka, monga limachitira ndi mankhwala ena a m'zipatala.